Kumayadi, kulayini ndi kudambo: Mzuzu ndi mizinda ya asamurai

Mvula imene inagwa mu Mzuzu mu Epulo 2016 sinasankhe denga. Inagwa ku Chimaliro, inagwa ku Katoto, inagwanso ku Chibanja, masiku angapo osalekeza. Koma itakata, nyumba zimene zinali pansi sizinali za mbali zonse za mzinda. Zambiri zinagwa ku Chibanja, Chibavi, Chiputula, Masasa ndi Mchengautuwa, kumene anthu anamanga m'madambo ndi m'matsitso, ena ndi zidina, ena ndi njerwa zomata ndi dothi. Anthu anafa, ndipo mabanja ochuluka anakagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Uphungu umene unatsatira ndi umene timaumva chaka chilichonse, wakuti anthu aleke kumanga m'madambo. Uphunguwu ndi woona, koma umalumpha funso limene munthu wa ku Chibanja ali ndi ufulu wofunsa: pamene ife tinkafika, kumtunda kouma kunali kutapatsidwa kale kwa yani?

Kuti ndiyankhe funsoli ndipita kaye kutali, ku Japan, chifukwa kumeneko kagawidwe ka malo a m'tauni potsata udindo wa munthu kanachitika poyera, kanalembedwa m'malamulo, ndipo mapu ake alipo mpaka lero.

Zaka mazana asanu zapitazo, msilikali wa ku Japan, amene timamudziwa kuti samurai, anali munthu wakumudzi. Anali ndi minda yake ndi anthu omulimira, ndipo nkhondo ikabuka ankatenga lupanga ndi kavalo n'kukathandiza mfumu ya chigawo, yotchedwa daimyo. Kwa mfumuyo msilikali wotere anali wofunika komanso woopsa, poti munthu wokhala ndi nkhokwe yakeyake ndi anyamata akeake sachedwa kugalukira. A banja la Asakura, amene ankalamulira dera limene lero ndi Fukui, anaiona msanga ngoziyi. Malamulo a banja lawo, a kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ankaletsa nduna kumanga malinga kwawo, n'kuzilamula kuti zisamukire ku Ichijodani, pafupi ndi mfumu.

Oda Nobunaga anapita patali kuposa apo. Mu 1576 anayamba kumanga linga la Azuchi m'mbali mwa nyanja ya Biwa, n'kuuza asilikali ake kuti adzakhale m'munsi mwake. Mu 1578 moto unabuka m'nyumba ya mmodzi wa oponya mivi. Atafufuza anapeza kuti bamboyo ankakhala yekha, mkazi ndi ana anawasiya kwawo ku Owari. Anawerenga ena amene anachita zomwezo, n'kupezeka anthu 120. Nobunaga analamula kuti nyumba zawo za ku Owari zitenthedwe, kuti pasakhalenso kobwerera. Akazi ndi ana ananyamuka ulendo wa ku Azuchi.

Amene anabwera pambuyo pake anangomaliza ntchitoyo. Mu 1588 Toyotomi Hideyoshi analanda alimi malupanga, ndipo kuyambira pamenepo wolima ndi womenya nkhondo anakhala anthu awiri osiyana. Mu 1615 boma la a Tokugawa linalamula kuti mfumu iliyonse itsale ndi linga limodzi lokha m'dziko lake, ena onse agwetsedwe. Msilikali amene kale ankadya za m'munda mwake anasanduka munthu wa malipiro. Ankalandira mpunga woyezedwa ndi muyeso wotchedwa koku, malita pafupifupi 180, umene ankati ungadyetse munthu mmodzi chaka chathunthu. Ulemu wa munthu unkawerengedwa m'makoku, ndipo makokuwo ndiwo ankanena kumene munthuyo agone.

Mzinda unkayalidwa chonchi. Pakati panali linga la mfumu, lozunguliridwa ndi ngalande zamadzi. Nduna zazikulu zinkapatsidwa mabwalo aakulu moyandikana ndi ngalande yam'kati. Apakati ankatsatira, mabwalo awo akucheperachepera. Asilikali oyenda pansi, otchedwa ashigaru, ankaikidwa kumathero, m'njira zolowera mumzinda, nthawi zambiri m'nyumba zazitali zogundizana, kuti mdani akabwera ayambe wakumana ndi iwo. Amalonda ndi amisiri anali ndi misewu yawoyawo, akachisi nawo anasonkhanitsidwa m'mphepete kuti akhale chotchinga. Misewu ankaikhotetsa dala kuti mlendo asaone patali. Ngakhale chipata chinali ndi lamulo. Ku Kanazawa, mzinda wa banja la Maeda, samurai wapakati ankazunguliza nyumba yake ndi khoma ladothi, pamene ashigaru ankabzala mpanda wa timitengo. Makoma adothiwo akadalipo m'dera la Nagamachi, ndipo nyengo yachisanu ikayandikira amawaveka mphasa za udzu kuti chipale chingawaphwanye. Ku Kakunodate, tauni imene inayalidwa mu 1620, anasiya bwalo lopanda nyumba pakati pa dera la asamurai ndi la amalonda. Ntchito yake inali yoletsa moto kuwoloka, komanso aliyense ankadziwa kuti pamenepa ndi pamalire a anthu.

Pali chinthu china chimene alendo okajambula zithunzi m'misewu imeneyi sachiganizira. Malo amenewa sanali a samurai. Anali a mfumu, ongobwereka. Munthu akakwezedwa ankasamukira pafupi ndi linga, akalakwa kapena akatsitsidwa ankalongedza. Aliyense amene anakulira kulayini ya polisi, kukampu ya asilikali kapena m'nyumba ya aphunzitsi akudziwa kugona m'nyumba yotere, yoti ukhoza kusesa pakhomo ndi kubzala maluwa koma mtima uli pa kalata ya transifa.

Mzinda waukulu kuposa yonse unali Edo, umene lero ndi Tokyo. Kuyambira 1635 mfumu iliyonse ya chigawo inkakakamizidwa kukhala ku Edo chaka chimodzi, kwawo chaka chinacho, mkazi ndi mwana wolowa ufumu n'kutsala ku Edo ngati chikole. Choncho mfumu iliyonse inamanga nyumba kumeneko, zina ziwiri kapena zitatu, ndi malayini a asilikali ake m'mbali mwa mpanda. M'zaka za m'ma 1700 Edo unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, theka asamurai ndi a m'nyumba zawo, theka anthu wamba. Koma malo a asamurai anatenga pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa magawo khumi a mzindawo. Otsalawo anagawana akachisi ndi anthu wamba. Ndipo mitunda ya kumadzulo ndi kumpoto kwa linga, youma ndi yopita mphepo, inapita makamaka kwa mafumu ndi asilikali. Osula, opala matabwa, ogulitsa nsomba ndi onyamula katundu anaunjikana kumunsi, m'malo amene ambiri anali madambo ndi magombe okwiriridwa ndi dothi. Banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi cha lendi, m'mdadada wa zipinda zogawana chitsime chimodzi ndi chimbudzi chimodzi. Moto wa mu 1657 unapha anthu amene ena amati anafika 100,000, ndipo mitsinje ikasefukira madzi ankayamba ndi a kumunsiwo.

Ndikawerenga za zipinda zimenezo ndimaona mapuloti a kwathu kuno. Lowani pa puloti ina ku Chibanja mwezi wa Febuluwale. Kutsogolo kuli nyumba ya alandilodi, kumbuyo mdadada wa zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, pa chitseko chilichonse mbaula ndi ndowa. Chingwe choyanikapo zovala ndi chimodzi. Chimbudzi chokumba chili pakona, ndipo poti madzi apansi ali pafupi, mvula ikalimbikira dzenjelo limadzaza lisanakwane nthawi yake. Pakhomo aika matumba a mchenga ndi njerwa zopondapo. M'mawa kusanayere, zitseko zimenezi zimatulutsa anthu amene amayendetsa Mzuzu: wakabaza, mlonda amene akupita kukalandira mnzake, mayi wa tomato wa ku Zigwagwa, mtsikana wantchito wa kumayadi, mmisiri womanga nyumba za ena. Amadutsa m'mbali mwa bwalo la ndege kulunjika m'tauni, nsapato zili m'manja pamene pali matope.

Kwathu kuno, kusanja anthu mozungulira mwini mphamvu sikunabwere ndi azungu okha. Makilomita pafupifupi 20 kuchokera mu Mzuzu kuli Ekwendeni, dera la Inkosi Mtwalo. Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu Novembala 1835 tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, anafika m'dera lino ali ndi kamangidwe kawo ka mudzi, kamene Margaret Read anakafotokoza m'buku lake la mu 1956 lonena za Angoni a ku Nyasaland. Pakati pa mudzi panali khola la ng'ombe. Kumtunda kwa khola, moyang'anana ndi chipata, kunali nyumba yaikulu ya banja lachifumu, ndipo nyumba za akazi zinkatsatana kumanja ndi kumanzere monga mwa ukulu wawo. Anyamata ankagona m'laweni, kufupi ndi chipata, kumene ankaphunzira mwambo ndi kulondera ng'ombe. Munthu ankadziwa msinkhu wa mnzake pongoona pamene khomo lake lili. Ndipo anthu ogwidwa kunkhondo sanali pakati. Atonga ambiri anathawa m'ma 1870 n'kukadzimangira malinga kunyanja, cha ku Chintheche, ndipo Atumbuka a Baza Dokowe anaphedwa pa phiri la Hora cha m'ma 1880 atayesa kudzimasula. Sindikufuna kuukometsa mudzi umenewo. Koma mudzi wa Angoni unkasamuka, nyumba zake zinali za mitengo ndi udzu, ndipo kusanja kwake sikunazikike m'nthaka.

Chimene chinazikika ndi cha atsamunda. Zomba, likulu la dziko lino kuyambira nthawi ya Harry Johnston mu 1891 mpaka 1975, ndiye mzinda wathu wofanana kwambiri ndi mizinda ya malinga ija. Bwanamkubwa ndi akuluakulu a boma anakhala m'mbali mwa phiri, kozizira, kumene madzi amatsika oyera ndipo udzudzu ndi wochepa. Amwenye anali ndi masitolo awo kumsewu. Makalaliki, amesenjala, apolisi ndi asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, anaikidwa kumunsi, m'malayini. Kukampu imene lero ndi Cobbe Barracks, ofesala anali ndi nyumba yake, sajeni yake, msilikali wamba chipinda chake. Kumbuyo kwa nyumba ya bwana kunali boyizikota. Kumene ku Japan ankawerenga makoku, kuno ankayamba ayang'ana khungu, kenako giredi.

Mzuzu ndi mwana wa dongosolo lomweli, ngakhale anabadwa mochedwa. Mu 1947 ntchito yobzala mitengo ya tung, imene mafuta ake amapangira penti ndi vanishi, inayamba pa Viphya, ndipo posakhalitsa inakhala m'manja mwa Colonial Development Corporation. Kampaniyo inamanga maofesi, nyumba za mamanejala ndi makomboni a antchito. Mitengoyo sinabweze ndalama monga ankayembekezera, koma misewu ndi nyumba zinatsala, ndipo boma linaika likulu la chigawo cha kumpoto pomwepo. Kuyambira pachiyambi, wopanga mapu anali yemweyo wolemba ntchito. Ankayamba wafunsa kuti antchito ake agona kuti, ndipo poti malo anali ambiri, anasankha abwino.

Ufulu utabwera, khungu linachoka pa mapu koma giredi inatsala. Malawi Housing Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inamanga nyumba m'magulu, zazikulu za mabwalo otakasuka kwa akuluakulu, zapakati kwa apakati, zazing'ono kwa otsika. Kwa ena onse kunali madera otchedwa Traditional Housing Areas, kumene munthu ankapatsidwa puloti n'kudzimangira yekha. Ku Lilongwe anachita zomwezi pa mlingo waukulu: Area 10 ndi Area 43 kufupi ndi Capital Hill, Area 18 kwa apakati, Area 25 kutali, koyenda ulendo. Mu Mzuzu, Chimaliro ndi Kaning'ina ndiye kumayadi, Katoto ndi kwa antchito a boma ndi makampani, polisi ili ndi layini yake, andende yawo, ndipo Moyale Barracks, imene dzina lake limakumbutsa nkhondo ya mu 1940 pamalire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali a dziko lino anamenyana ndi Ataliyana, ili ndi mpanda wake, sukulu yake ndi chipatala chake.

Dongosololi likanakwanira mzinda ukanakhala wa antchito a boma okhaokha. Koma kalembera wa mu 1977 anapeza anthu oposa 16,000 pang'ono mu Mzuzu, ndipo wa mu 2018 anapeza oposa 220,000. Pakati pa zaka zimenezi Mzuzu anakhala mzinda mu 1985, Mzuzu University inakhazikitsidwa mu 1997 ku Luwinga, chipatala chachikulu chinatsegulidwa mu 2000, ndipo anthu anabwera kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba, ngakhale kuchigawo chapakati ndi kummwera. Ambiri mwa iwo analibe giredi iliyonse. Mapuloti opimidwa anatha msanga, ndipo munthu wopanda malo amapita kumene angakwanitse kugula ndi kumene angayende wapansi kukafika kumsika. Malo otero mu Mzuzu ndi m'madambo a mitsinje yothira mu Lunyangwa ndi m'matsitso amene wopanga mapu anawasiya poona kuti ngosayenera nyumba. Amene amanena kuti anthu a kudambo ndi osamva aziyamba aona mtengo wa puloti youma, ndi mtunda wake kuchokera kudepoti.

Asamurai nawo tsiku lawo linafika. Mu 1871 boma latsopano la Meiji linathetsa zigawo za mafumu. Mu 1876 linaletsa kuyenda ndi lupanga, n'kusintha malipiro a mpunga aja kukhala mapepala a ngongole ya boma, amene kwa ambiri sankakwana kudyetsa banja. Asamurai otsika anali atazolowera kale maganyu, poti ngakhale m'nthawi ya a Tokugawa malipiro awo anali ochepa: ku Edo ena ankamata maambulera, ena ankabzala maluwa ogulitsa, ndipo ku Yonezawa ankabzala mpanda wa chitsamba chodyedwa masamba kuti ukhale ndiwo. Koma tsopano ntchito yeniyeniyo inatha. Ku Hagi, mzinda umene a banja la Mori anamanga kuyambira 1604, mabanja ambiri anasamuka, ndipo otsala anabzala malalanje m'mabwalo a nyumba zakugwa kuti apeze ndalama. Malalanjewo akuonekabe pamwamba pa makoma. Ku Kyushu ena anatenga zida mu 1877 motsogozedwa ndi Saigo Takamori, n'kugonja. Ife tinaonapo kachigawo ka zotere. Mu Disembala 1993, a Malawi Young Pioneers ataombera asilikali kuno ku Mzuzu, gulu lankhondo linawalanda zida m'dziko lonse pa Operation Bwezani, ndipo anthu amene dzulo lake ankaopedwa anabalalika, ena mpaka ku Mozambique, makampu awo n'kusanduka zina.

Chimene chimandikhudza ndi chakuti asamurai atatha, mizere ya mapu sinathe. Mabwalo a mafumu a ku Edo anasanduka maunduna, makampu a asilikali, masukulu ndi nyumba za akazembe. Dera la Marunouchi, pakhomo penipeni pa linga, linagulidwa ndi Mitsubishi mu 1890, ndipo lero ndi limodzi mwa malo odula kwambiri mu Japan. University of Tokyo ili pabwalo la a Maeda, ndipo chipata chake chofiira cha mu 1827 chinali cha banja limenelo. Kumtunda kunakhalabe kwa olemera, kumunsi kwa antchito. Chivomezi cha mu 1923 ndi moto wake zinapha kwambiri kumunsi komweko. Kuyambira 1976 boma la Japan linayamba kuteteza misewu ya asamurai ku Kakunodate ndi ku Hagi, ndipo alendo amapita kukaiona. Ndi yokongoladi. Koma zimene zinapulumuka ndi zipata ndi makoma a anthu a maudindo. Midadada ya lendi ya anthu wamba inapsa kapena kugwetsedwa, ndipo wofuna kuiona amakaiona yomangidwanso m'nyumba zosungiramo zakale.

Kwathu kuno mizere iwiriyi, ya kulayini ndi ya kudambo, imakumana pa munthu mmodzi. Wapolisi kapena msilikali amatha zaka makumi atatu akusamuka, Karonga, Dedza, Mulanje, ana akubadwira m'nyumba za boma. Tsiku lopuma pantchito likafika amapatsidwa nthawi yoti atuluke. Lole imaima pakhomo, akweza mabedi, kabati, matumba a chimanga, nkhuku m'dengu, ndipo mayi amazula ndiwo zimene anabzala kuseri chifukwa mawa mulowa banja lina. Kumudzi anachokako ali mnyamata, munda anagawana abale, ana ali pasukulu m'tauni. Ndalama ya penshoni imachedwa, ndipo ikabwera imakwana puloti ya kumene madzi amadikha. Ambiri mwa achikulire amene anthu amawatchabe kuti "a Sajeni" kapena "aphunzitsi" m'makomboni a Mzuzu anafika motero. Ngakhale amene akadali pantchito, ochuluka sakupeza nyumba kulayini, akuchita lendi m'makomboni momwemo. Boma linalonjeza nyumba 10,000 za apolisi, asilikali, oyang'anira ndende ndi a zolowa ndi kutuluka, ndipo n'zofunikadi, poti munthu wolondera dziko sayenera kugona modontha. Koma nyumba zimenezo zidzakhalabe za ntchito, ndipo aliyense wolowamo adzatulukamo tsiku lina n'kukafuna puloti.

Moto wa 1657 utazima, akuluakulu a Edo sanangodzudzula anthu. Anakulitsa misewu, anasiya mabwalo otchinga moto, anasamutsira akachisi ndi nyumba zina za mafumu kunja, anamanga mlatho wa Ryogoku pa mtsinje wa Sumida, n'kukumba ngalande kutsidya, ku Honjo, kuti kukhale malo atsopano. Anakhudza ngakhale malo a anthu akuluakulu, ndipo apa ndi pamene ife timachita mantha. Ku Chibanja anthu sadzachoka onse, ndipo palibe chifukwa choti achoke onse. Mbali zambiri n'zabwinobwino, zili ndi nyumba zolimba, masukulu, matchalitchi ndi malo ogona alendo. Chofunika kumeneko ndi ngalande zomangidwa ndi simenti zotsata kumene madzi amafuna kupita, makalavati osatsekeka, zimbudzi zokwezedwa pamene madzi apansi ali pafupi, ndi kusamutsa mwaulemu mabanja okhawo amene ali m'njira yeniyeni ya madzi, kuwapatsa malo amene munthu angachokereko kupita kuntchito osamaliza phindu la tsiku pa thiransipoti. Ndipo malo a boma ndi a makampani amene akungomera tchire pakati pa mzinda ayenera kuwerengedwa poyera, anthu adziwe kuti ndi angati ndipo akudikira yani.

Ntchito yofulumira kwambiri ili kumene mzinda ukulowera tsopano, ku Nkhorongo, Lupaso, Dunduzu ndi Msongwe. Kumeneko malo akugulitsidwa lero, ambiri pongogwirizana ndi eni minda ndi mafumu, msewu usanalembedwe, paipi ya Northern Region Water Board isanafike, malo a sukulu ndi msika asanapatulidwe. Amene ali ndi ndalama akutenga zitunda n'kumanga mipanda ya njerwa. Khonsolo ikachedwa zaka zina zisanu osapima mapuloti ang'onoang'ono otsika mtengo pa mtunda womwewo, wakabaza ndi mlonda amene adzatumikire nyumba zimenezo adzapeza kuti chotsala ndi kumtsinje.